Nkoloko si chivundikiro cha poto

Mng'ono wanga akukwatira mu Okutobala, mwezi umene dzuwa la Livingstone limaphika munthu ali moyo. Suti anasoketsa kale kwa telala wina wa ku Maramba, nsapato anagula, ndipo Loweruka lapitali anatulukira kwanga ku Dambwa foni ili m'manja, nkhope ikuwala ngati wapambana mpikisano. Amafuna ndione nkoloko imene wasankha kudzavala tsikulo. Chinthu chake chachikulu, chagolide paliponse, timawilo titatu pankhope, m'mbali muli timiyala tonyezimira, ndipo pansi pa chithunzi panalembedwa kuti mamilimita 45. Wogulitsa, amene malonda ake amachitira pa Facebook, analumbira kuti ndi yeniyeni, yangofika kumene kuchokera ku Dubai. Mtengo wake ndi malipiro a mnyamatayu a miyezi iwiri. Theka ali nalo, theka linalo akuti akatenga kaloba.

Ndinamugwira pamkono. Kwathu ndife anthu a mafupa ang'ono, kuyambira agogo mpaka ife, ndipo chala changa chachikulu chinakumana ndi chapakati popanda kulimbana.

"Iwe, uzavala nkoloko, kapena nkoloko ndiye izakuvala?"

"Akulu, tunkoloko tung'ono ni twa akazi," anatero akubweza foni m'thumba.

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri: kometetsa tsitsi, m'takisi ya ku Libuyu, kwa anzanga a kuntchito. Ndi bodza, ndipo ndi bodza lodula, chifukwa limatulutsa ndalama m'thumba la mnyamata amene sanamalize n'komwe malowolo. Ine maganizo anga ndi awa. Ngati mkono wako ndi wowonda, nkoloko yovala ndi suti iyenera kukhala yaing'ono, yopyapyala, yofatsa. Ndipo ngati thumba lako ndi lowondanso, dzina lolembedwa pankhope yake likhale loona, ngakhale lisakhale lotchuka.

Sindikukamba ngati munthu amene sanapusepo. Nditangoyamba ntchito yolandira alendo pa loji ina m'mbali mwa Zambezi, ndinasonkhanitsa matipi a miyezi itatu n'kugula chinkoloko chonga chomwechi. Tsiku loyamba ndinayenda mu Mosi-oa-Tunya Road mkono wamanzere uli patsogolo ngati ndikulondolera magalimoto. Koma chinthucho sichinkakhala malo amodzi. Ndikatsitsa mkono chinkatsetserekera padzanja, ndikakweza chinkathawira kuchigongono, ndikamalemba nkhope yake inkatembenukira kunja, moti pofuna kuona nthawi ndinkayamba ndachibweza ndi dzanja linalo. Batani la mkono wa shati ya yunifolomu silinkatsekeka. Kamutu kosinthira nthawi kanandikanda pamwamba pa dzanja mpaka kusiya chipsera. Amayi atachiona anangofunsa ngati ndabwereka chivundikiro cha poto wawo wa tiyi. Patapita miyezi inayi golide uja anayamba kusupuka, pakhungu panatsala mzere wobiriwira. Timawilo titatu tija sitinayendepo ngakhale kamodzi. Tinali tongomatapo.

Ntchito ya pa loji ili ndi ubwino umodzi: umaona mikono ya anthu ambiri, posaina, popereka khadi, potenga kiyi. Pang'ono ndi pang'ono ndinazindikira kanthu. Alendo amene amatsika pa bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula n'kulipira chipinda cha madola mazanamazana usiku umodzi osaphethira, ambiri mwa iwo nkoloko zawo zamadzulo n'zazing'ono. Masana, popita ku mathithi kapena kukapalasa mu Batoka Gorge, amavala zapulasitiki. Madzulo, pokadya pa sitima ya Royal Livingstone Express kapena pabwato dzuwa likamalowa, kamatuluka kanthu kopyapyala ka lamba wachikopa, kobisala theka m'mkono wa shati. Umakaona pokhapokha munthuyo akatambasula dzanja kutenga tambula. Ine ndi chivundikiro changa ndinkawatsegulira chitseko.

Zoti kang'ono n'ka akazi zimandiseketsa chifukwa mbiri imakamba zosiyana. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanachitike, mwamuna wolemekezeka ku Ulaya ankasunga nkoloko m'thumba, yomangirira ku tcheni. Nkoloko ya pamkono, yaikulu kapena yaing'ono, ankaiona ngati chibangili cha amayi. Mu 1904 Louis Cartier anapangira mnzake Alberto Santos-Dumont, woyendetsa ndege wa ku Brazil, nkoloko ya pamkono kuti asamapisenso m'thumba ali m'mwamba. Kenako asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anaona kuti munthu wonyamula mfuti alibe dzanja lachitatu lotulutsira nkoloko, ndipo atabwerera kwawo anabwera ndi chizolowezicho. Choncho, mng'ono wanga, agogo a agogo a azungu amene ukufuna kuwatsanzirawo akanakuona ndi chilichonse pamkono akanati wavala za akazi.

Ndipo nkoloko za amuna zitayamba, zinali zazing'ono. Calatrava yoyamba ya Patek Philippe, ya mu 1932, imene anthu okonda nkoloko amaiyesa mayi wa nkoloko zonse za suti, inali ya mamilimita pafupifupi 31. Rolex Datejust ya mu 1945 inali ya 36. Rolex Explorer, imene inatuluka mu 1953, chaka chimene Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay anafika pansonga ya Everest, inalinso ya 36. Cartier Tank, ya makona anayi, inajambulidwa mu 1917 potengera maonekedwe a akasinja a nkhondo, ndipo ndi kanthu kakang'ono ndithu. Muhammad Ali, yemwe uja anagwetsa George Foreman ku Kinshasa kwa aneba athu mu Okutobala 1974, ali ndi zithunzi atavala Tank pamkono umene unali ngati nthambi ya mukwa. Ndani akanalimba mtima kumuuza kuti wavala ya akazi?

Zinkoloko zikuluzikulu zinali ndi ntchito yake. Panerai ankapangira asilikali a pamadzi a ku Italy zinthu za mamilimita 47 kuti azitha kuwerenga nthawi pansi pa nyanja mumdima. Oyendetsa ndege za nkhondo a ku Germany ankamanga za mamilimita 55 pamwamba pa jekete, osati pakhungu. Zinali zida, ngati fosholo kapena tochi. Fashoni yozivala m'tauni ndi ya dzulodzuloli. Mu 1993 Audemars Piguet anatulutsa Royal Oak Offshore ya mamilimita 42, ndipo anthu anadabwa nayo mpaka kuipatsa dzina loti chilombo. Mu 1996 Sylvester Stallone anavala Panerai mu filimu ya Daylight. Oimba ndi osewera mpira anatsatira, mafakitale opanga zabodza anatsatira oimbawo, ndipo mtsinjewo unadzathera pa matebulo a m'misika yathu. Chodabwitsa n'chakuti eniake anayamba kale kubwerera. Mu 2021 Rolex anabweza Explorer kuchoka pa 39 kufika pa 36 ya kale ija. Mu 2023 Tudor anatulutsa Black Bay 54 ya mamilimita 37. Ife tikuthamangira basi imene eniake atsikamo.

Manje tiyeni tikambe zoyeza, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimapulumukira.

Pitani kwa telala aliyense, mubwereke tepi yake. Izungulizeni pamkono pamwamba pang'ono pa kafupa kotuluka kaja, pomwe nkoloko imakhala. Ngati mulibe tepi, chingwe ndi rula ya mwana wasukulu zikwanira. Mukapeza masentimita 16 ndi theka kapena kucheperapo, ndinu wa mpingo wathu, wa mikono yaing'ono. Wanga ndi 16. Kwa anthu ngati ife nkoloko yozungulira ya mamilimita 33 mpaka 38 ndiyo imakhala bwino. Ya 40 nthawi zina imalola, nthawi zambiri ayi.

Koma nambala imene ogulitsa amalemba ija, ya kukula kwa nkhope, si yofunika kwambiri. Ilipo ina imene sakonda kuitchula. Nkoloko iliyonse ili ndi tinyanga tinayi, tiwiri pamwamba ndi tiwiri pansi, pomwe lamba amalumikizika. Mtunda wochokera kunsonga ya tinyanga ta pamwamba kufika kunsonga ya ta pansi, umene pa intaneti amaulemba kuti lug-to-lug, ndiwo umaweruza mlandu. Ikani rula mopingasa pamwamba pa mkono wanu, muone kufupika kapena kutambalala kwa malo athyathyathya aja. Wa ine ndi mamilimita pafupifupi 50. Tinyanga tikapitirira malowo, timalendewera m'mwamba, lamba amatsika choimirira ngati khoma, pakati pamatsala mpata woti n'kulowetsamo pensulo, ndipo nkoloko imayamba kuyendayenda. Ine ndimasiya mamilimita anayi kapena asanu, kotero sindigula chopitirira 45 kapena 46.

Kuti muone mmene nambala yoyamba ija imanamizira, tengani nkoloko ziwiri za ku Germany. Nomos Tangente ya mamilimita 35 ili ndi tinyanga tatitali towongoka, moti kuchokera nsonga kufika nsonga imafika pafupifupi 45. Junghans Max Bill ya mamilimita 38 ili ndi tinyanga tofupika tobisala pansi, ndipo imathera cha m'ma 40. Papepala yachiwiriyi ndi yaikulu. Pamkono imatenga malo ochepa. Wogulitsa akakana kukuyezerani mtunda umenewu, kapena akati sadziwa chimene mukufunsa, mwadziwa kale mtundu wa wogulitsa amene mukuchita naye.

Maso nawonso ali ndi masamu awoawo. Nkhope yoyera imaoneka yaikulu kuposa yakuda ya muyeso womwewo. Nkoloko ya mkombero wopyapyala, imene pafupifupi yonse ndi nkhope, imaoneka yotambalala kuposa ya mkombero wochindikala. N'chifukwa chake nkoloko ya suti ya 36 imadzaza mkono bwinobwino pomwe yosambira nayo ya 36 imaoneka ngati ya mwana. Ndipo musaope makona anayi. Tank Must imene Cartier amaitcha yaikulu ndi ya mamilimita 33.7 m'litali ndi 25.5 m'lifupi chabe. Reverso ya Jaeger-LeCoultre, imene inapangidwa mu 1931 chifukwa cha asilikali a Britain osewera polo ku India amene ankaswa magalasi, imatembenuzika kubisa nkhope, ndipo mitundu yake yapakati imakhala pamkono wowonda ngati anachita kuyezera. Samalani chabe ndi zazitali zake, chifukwa kumsana kwake n'kowongoka, sikupindika kutsatira fupa.

Kuchindikala ndi nkhani ya shati. Nkoloko ya suti iyenera kulowa ndi kutuluka m'mkono wa shati popanda kukodwa. Ikapitirira mamilimita 10 kapena 11, batani limayamba kudandaula. Pamkono wowonda chinthu chochindikala chimaoneka ngati bansi woikidwa pa ndodo, ndipo chimagunda zitseko, matebulo ndi mitu ya ana. Wina anena kuti kuno sitivala manja aatali kawirikawiri, tili ndi mashati a chitenge ndi suti ya manja aafupi imene a Kenneth Kaunda anaitchukitsa mpaka kutenga dzina lawo. Zoona. Koma pamenepo ndiye mkono wonse uli poyera, kuchokera kuchigongono, ndipo palibe nsalu yobisa kusagwirizana kwa fupa ndi chitsulo.

Lamba ndi chinthu chimene anthu amaiwala mpaka atalipira. Malamba ambiri a amuna amasokedwa poganizira mkono wa masentimita 18 kapena 19. Pa ife, chomangira chimathera m'mbali m'malo mokhala pakati pansi pa mkono, ndipo mchira wotsala umazungulira mpaka kudzasuzumira pafupi ndi nkhope. Wosoka nsapato wa pamsika akhoza kuboola dzenje lina, ndipo pa nkoloko wamba palibe cholakwika, koma mchirawo sauchotsa. Funsani lamba wamfupi kuyambira pachiyambi. Ndipo kumbukirani kumene tikukhala. Thukuta la Okutobala limadya chikopa. Lamba wovala tsiku ndi tsiku amanunkha chisanathe chilimwe chimodzi. Ine wachikopa ndimasungira ukwati, maliro, tchalitchi ndi ma interview. Masiku ena onse ndimaika wachitsulo wolukana ngati ukonde, amene amasunthika kufika pa muyeso uliwonse. Zimandipweteka mtima pang'ono kuti mafamu a m'mbali mwa Kariba amaweta ng'ona n'kutumiza zikopa kunja kukapanga zikwama ndi malamba odula, pomwe ife timagula pulasitiki yodindidwa mamba.

Za madzi. Kumsana kwa nkoloko zambiri za suti kumalembedwa 30m kapena 3 ATM. Sizitanthauza kuti mukhoza kumira nayo mamita 30. Zikutanthauza madontho a posamba m'manja ndi kamvula kowaza. Amene munawolokapo Knife Edge Bridge mu Epulo mukudziwa kuti uja si mvula yowaza, ndi ndowa zothiridwa pamutu kuchokera mbali zonse, ndi pansi pomwe. Ndaonapo alendo akubwerera ku loji galasi la nkoloko lili ndi nkhungu mkati, nkhope zili zakugwa. Mukakajambulitsa zithunzi za ukwati ku mathithi, monga achitira ambiri, ivuleni muisiye m'galimoto ndi munthu wodalirika. Ku Devil's Pool ndi ku Batoka tengani Casio.

Tsopano mayina ndi ndalama, ndipo apa ndikamba mosabisa. Calatrava yatsopano ndi ya madola opitirira 25,000. Tank yachitsulo ya batire imapitirira madola 2,500. Kuti muigwire m'manja musanagule, sitolo ya Cartier imene ambiri a kuno angaifike ili ku Sandton City ku Johannesburg. Onjezerani tikiti, ndipo pobwera a ZRA ali ndi gawo lawo: msonkho wa katundu wolowa, ndi VAT ya 16 peresenti pamwamba. Munthu akakuuzani kuti ali ndi Patek Philippe yatsopano ya mtengo wa foni, palibe chifukwa choyang'anira kulemera kwake kapena kayendedwe ka kamuvi ka masekondi. Mtengowo wakuuzani kale zonse. Kale zabodza zinkadziwika ndi zilembo zolakwika ndi timawilo tosayenda ngati tanga tija. Masiku ano zina amazipanga mwaluso moti ngakhale wokonza amayamba watsegula kumsana. Choncho musadalire maso anu. Dalirani masamu.

Pansi pa mayina akuluakuluwo pali dziko lonse la nkoloko zoona zimene munthu wa ntchito angathe kuzisungira ndalama. Longines DolceVita ndi ya makona anayi, yaulemu, ndipo imapezeka m'miyeso ingapo. Tissot ali ndi zopyapyala zambiri. Orient Bambino ya mamilimita 38 ili ndi galasi lotukuka ngati za makedzana, ndipo injini yake amapanga okha a Orient ku Japan. Seiko ndi Citizen ali ndi zazing'ono zosawerengeka, zina zoyendera kuwala, zimene m'tauni ya dzuwa ngati ino sizidzaona njala. Ndipo pali msika wa zakale. Omega za m'ma 1960, za mamilimita 34 kapena 35, zakhala zikugulitsidwa motsikirapo kwa zaka zambiri chifukwa chomwechi chakuti anthu ankaziona zazing'ono. Tsoka la fashoni ndi mwayi wa ife a mikono yowonda. Ife amene timaitanitsa magalimoto ogwiritsidwapo kale ku Japan osawaona timadziwa malamulo ake: zithunzi zambiri, za kumsana ndi za mkati zomwe, wogulitsa wa mbiri yoti n'kuifufuza, ndi ndalama yapadera yokakonzetsera ikafika. Chenjerani ndi nkhope yowala kwambiri pa nkoloko ya zaka 60. Nthawi zambiri inapentedwanso.

Kodi ya batire kapena ya injini? Okonda nkoloko amanyoza za batire, ndipo ine ndimawamvetsa. Muli chinachake chokoma m'kanthu koyenda ndi sipuling'i ndi timagiya, kamene umakapukusa m'mawa kapena kamadzidyetsa kokha ndi kugwedezeka kwa mkono. Koma kuyambira pomwe Seiko anatulutsa Astron pa 25 Disembala 1969, za batire zimasunga nthawi bwino kuposa za injini, zimakhala zopyapyala, ndipo chosowa chake ndi batire pakapita zaka zingapo. Ya injini imafuna kutsegulidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta pakapita zaka zisanu kapena kupitirirapo. Seiko wamba wokonza waluso wa m'tauni muno amaitha. Ya ku Switzerland ya madola zikwi zambiri mudzafuna kuitumiza kwa eniake, kunja kwa dziko, n'kudikira. Musanagule mbuzi, dziwani kumene idzadya. Kwa nkoloko yoyamba ya mnyamata wa ku Livingstone, ine sindiona manyazi pa batire.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza. Mkono ndi wanga, ndalama ndi zanga, ndani wakuika iwe kukhala wapolisi wa nkoloko? Muli ndi mfundo. G-Shock yaikulu ndi jinzi ndi sikipa imaoneka bwino ngakhale pamkono wowonda, chifukwa siinamizira kukhala china chake, ndi yopepuka, ndipo lamba wake amagwira. Alipo atsikana amene amavala nkoloko zazikulu za amuna mwadala, zolendewera ngati chibangili, ndipo zimawakhala. Ngati mwayesa zonse ziwiri pagalasi ndipo mtima ukadali pa chachikulu, valani. Chimene ndikutsutsa ndi kugula chifukwa cha mantha: mantha oti anthu sakuona, oti akuyesa wosauka, oti akuyesa mkazi. Galasi lake likhale lalikulu, loona thupi lonse, mutaima patali. Chithunzi cha foni chojambulidwa pafupi chimakulitsa nkoloko iliyonse, ndipo chanamiza anthu ambiri mbali zonse ziwiri.

Enanso anena kuti nkhani yonseyi ndi yachabe. Foni ili ndi nthawi, lendi ikudikira, magetsi akuvuta, ndiye munthu n'kumakamba za Cartier? Iwonso sindiwatsutsa kwenikweni. Koma kufuna kanthu kamodzi kokongola si tchimo la olemera okha. Tauni ino inakula ndi njanji, kuyambira pomwe mlatho wa pa mathithi unatha mu 1905, ndipo anthu a njanji ndi anthu a nthawi. Agogo athu aamuna anachoka ku Chipata ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji kuno, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anasunga ndalama miyezi yambiri n'kugula Seiko 5. Amayi amakamba kuti Lamlungu lililonse pochokera ku tchalitchi ankaima patsogolo pa Livingstone Museum, n'kuyang'ana nkoloko ya pansanja, n'kuyang'ana yawo, kenako n'kupukusa mutu ngati yolakwa ndi ya pansanjayo. Sanakongole kwa munthu. Anadikira. Kaloba sadikira: chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, ndipo mwezi woyamba wa banja si nthawi yoti munthu wachilendo azigogoda pakhomo kufunsa za TV.

Pali chinanso chimene anyamata sitiganiza. Chithunzi cha ukwati chimakhala pakhoma zaka makumi atatu. Pali chithunzi chija chimene wojambula aliyense amachifuna, cha manja awiri ogwirana kuonetsa mphete. Pamenepo nkoloko imakhala pakati penipeni. Ikakhala chivundikiro, mphete sizioneka. Ana anu adzaseka suti, ndi mmene zimakhalira, koma asadzasekenso ndi mkono womwe.

Lolemba madzulo ndinapita naye mng'ono wanga kwa telala wake, ati kukayesa jekete. Ndinabwereka tepi. Masentimita 15 ndi theka. Rula mopingasa inapereka 48. Ndinamuuza afunse wogulitsa uja mtunda wa tinyanga. Anayankha patapita ola, atayamba wafunsa kuti tinyanga n'chiyani: 53. Telala anatidulira kakatoni ka muyeso womwewo, tinakaika pamkono, ndipo kanatuluka mbali zonse ziwiri ngati denga la kantemba. Telalayo, bambo wachikulire wosakonda zokamba, anakoka mkono wa shati kuti auphimbe, unakana, ndipo anati, "Mwana wanga, ngati ni ichi, bweretsa nsalu ina tikulitse shati."

Usiku womwewo tinapita kwa amayi. Anatsegula sutikesi ya pansi pa bedi, ya mafungo a mankhwala a njenjete, n'kutulutsa kampango komanga mfundo. Seiko ya agogo. Galasi lokandikakandika, lamba wachitsulo wotambasuka, tsiku litaima pa Lachinayi la chaka chimene palibe akuchikumbuka. Ndinaigwedeza kangapo ndipo kamuvi ka masekondi kananyamuka. Pa rula inakwana 36. Mng'ono wanga anaiika pamkono, tinyanga tinathera mkati mwa fupa, ndipo anakhala chete nthawi yaitali kuposa mmene ndinamuonerapo.

"Koma akulu, ni kang'ono."

"Tambasula dzanja monga upereka moni kwa apongozi."

Anatambasula. Amayi anayang'ana kumbali, n'kuyamba kupindapinda kampango kaja ngakhale munalibenso kanthu.

Sindinganene kuti wagonja. Chithunzi cha chigolide chija sanachifufute m'foni, ndipo dzulo ndamupeza akuchiyang'ananso. Mlamu wanga wam'tsogolo, atafunsidwa, anati iye za nkoloko alibe nazo ntchito malinga mwamunayo afike pa tchalitchi nthawi yake. Seiko ili kwa wokonza wina wa m'tauni, amene wati aitsuka, aithira mafuta, asintha galasi, ndipo tikaitenge Lachisanu. Lamba wakuda wamfupi, wa mamilimita 18 polumikizira, ndaitanitsa ku Lusaka ndi ndalama zanga, abwera pa basi. Wa kaloba waimba kawiri. Mpaka pano foni sinayankhidwe.